Chithunzi cha Mdzukulu

"Chithunzi chokha ayi, mwanangu. Anzanga onse achiona," anatero mayi ena achikulire mu ofesi ya sukulu.

Mayiwa kale ankathandiza kwambiri sukulu ya atsikanayi. Lero chuma chawathera, ndipo anabwera kudzapempha kuti mdzukulu wawo aziphunzira ulere.

Mkulu wosaka thandizo la sukulu anawasendezera fomu. Lamulo analikhazikitsa ndi mayi omwewa: mtsikana aliyense wothandizidwa ajambulidwe, nkhope yake iikidwe pa kalata yopemphera thandizo. Naye mkuluyu anajambulidwapo ali mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu.

Anawapatsa cholembera ndi manja awiri.

"Ndine yani ine kuti ndiphwanye lamulo lanu, amayi? Ine munandivula nsapato kuti ndioneke wosauka bwinobwino. Mdzukuluyu mumuvula nokha, kapena ndimuvule ine?"