Tsiku Limene Rute Sanapite ku Mayani

Monika anali pakati posankha mbatata ya kachewere pabwalo, yaikulu uku, yambewu uko, pamene njinga inaima pampanda. Anali a Kizito, aphunzitsi a mwana wake Rute.

"Mayi, galimoto inadikira mpaka kutopa. Anzake apita ku mpikisano wowerenga ku Mayani, Rute osaoneka. Wadwala?"

Monika sanadzutse mutu. Rute sanadwale. Iye mwini ndiye anamutuma kudimba m'mamawa kukathirira kabichi, yunifolomu ataibisa pansi pa mphasa.

Nanga akanatani? Mwanayo chibwibwi anayamba nacho ali wamng'ono. Kuti apemphe mchere, ndiwo zinkayamba zazizira. Monika, ana asanu, munda wolima yekha, nthawi yodikira akanaitenga kuti? Ankangomumalizira mawu. "Nena msanga iwe! Mchere? Tenga."

Masiku onsewa Rute ankayeserera ndime yake ya Chingerezi yonena za mtundu wina wa anthu, eni nthaka a ku Amereka. Dzulo anaima pabwalo pomwepa kuti awawerengere amayi ake. Atafika pa dzina la mtunduwo anakakamira. "Po... Po... Po..."

"Basi, zakwana," anatero Monika. "Dzina la eni ake lisakuthyole lilime. Gwira thumba apa."

Tsopano Monika anapukuta manja pachitenje, mtima ukumuluma pang'ono, koma mawu ali gwa.

"Ndamuletsa ndine, aphunzitsi. Mumafuna Mayani yense akamuseke? Mwana wachibwibwi n'kumupatsa mayina oti ngakhale ansembe angapunthwe nawo? Akabwera akulira, womutonthoza ndi inu?"

A Kizito anachita tsinya. "Chibwibwi? Mukunena Rute wake uti?"

Nthawi yomweyo Rute anatulukira kuseri kwa nkhokwe, ndowa kumanja, matope mpaka m'mawondo. Ataona aphunzitsi anagwada.

"Rute," anatero a Kizito, "tatchula dzina lija."

Mtsikanayo anayang'ana aphunzitsi ake okha. "Pokanoket," anatero. Ndipo anapitiriza ndime yonse pamtima, mayina ena ovuta kuposa loyambalo akutsetsereka ngati madzi otsika m'phiri. Monika anangoti kukamwa yasa. Kulankhula kosadodoma kotere anali asanakumvepo m'nyumba mwake.

"Zaka zonse ndamuphunzitsa, sanapunthwepo," anatero a Kizito motsitsa mawu. "Ndiye amawerenganso pa Misa ya ana asukulu."

Rute anatembenuka. Maso ake atakumana ndi a amayi ake, mapewa anagwa.

"A... a... amayi, nda... nda..."

"Wathirira?" Liwulo linafika pamlomo pa Monika mwachizolowezi. Analimeza. Anatola mbatata imodzi n'kungoigwira, osadziwa mulu woiponyapo, akudikira kuti mwana wake amalize yekha.