Simu ya Malemu Evaristo

"Mwine wa simu abwele eka na reji yake, timukope chithunzi pamenso," anatero mtsikana wa m'kantemba kotumizira ndalama, maso ali pafoni.

"Mwana wanga, mwine wake tinamushika mwezi watha," Mainess anayankha.

Foni yake anamubera dzulo m'minibasi, ndipo ndalama zonse zimene makasitomala ake a nsomba ankalipira pafoni zinatsakamira mu nambala yake. Anabwera kudzapempha simu ina ya nambala yomweyo. Koma simu yobedwayo inalembetsedwa m'dzina la mwamuna wake, Evaristo, chaka chimene reji ya Mainess, chiphaso chake cha unzika, inatayika. Kumtsinje asodzi sapereka nsomba kwa munthu wobwera chimanjamanja.

"Pini niiziba! Ndine nigulisa, ndine nilandila!"

"Mashini siikuzibani imwe, amai. Iziba ba Evaristo. Muyende ku Lusaka na mapepala ya kukhoti."

Ndalama ya basi yopitira ku Lusakako inalinso mu simu momwemo.

Mainess anabwerera kumsika, nakhala kuseri kwa nsomba zochepa zimene zinatsala. Sanaone n'komwe kuti Prudence, kasitomala wake wakale, wasankha zikuluzikulu, n'kudinadina pafoni nambala ija, yomwe inali yolembedwabe pakatoni.

"Natuma kudala, ba Mainess! Yaonesa Evaristo Daka monga lyonse," anatero Prudence akunyamuka.

Mainess anangoperekeza nsomba zake ndi maso.

Ali moyo, Evaristo ankamulanda ndalama za tsiku n'kukamwera kachasu. Lero ali kumanda, koma wolandira ndi yemweyo.