Duwa la Zaka Zisanu ndi Ziwiri

Chete ankazula timaudzu m'chitini cha maluwa pawindo, kamodzikamodzi, osathamanga. Mnzake wogona naye chipinda chimodzi, yemwe onse pakoleji ankamutcha Wailesi, anali atavala kale jekete.

"Aise, unakwera ndege maola onse aja kudzalima m'chitini? Tiye, akutidikira."

Amene ankadikira anali mtsikana wa m'kalasi mwawo. Wailesi anamuitanira ku munda waukulu wa zomera masana amenewo, ndipo Chete anatengedwa kuti azikajambula zithunzi basi.

M'mundamo munali nyumba yagalasi. Kunja kunkazizira mpaka makutu kuwawa, koma m'katimo munkafunda ngati kwawo. Chomera chilichonse chinali ndi kachikwangwani ka dzina lalitali lopinda lilime. Wailesi ankawerenga mainawo mokweza ngati ndi a abale ake, uku akugwiragwira masamba. Mkulu wina wa imvi, wosamalira zomerazo, anamuletsa kawiri.

"Osadandaula," Wailesi anauza mtsikanayo mkuluyo akumva, "lero upita ndi duwa loposa onse muno."

Pakona, kuseri kwa chingwe chofiira, panali mapesi atatu a chimanga. Anali onyentchera, masamba achikasu.

"Talipira pakhomo kudzaona chimanga chodwala!" Wailesi anaseka, n'kupitirira ndi mtsikana uja.

Chete anatsalira. Anayang'ana mapesiwo nthawi yaitali, mtima uli kwa mayi ake. Atawapeza anzake aja, Chete ankapukuta manja pa thalauza.

Sipanathe mphindi khumi, kunamveka kukuwa. Mkulu uja anabwera akuthamanga, magalasi ali pendapenda, n'kugwira Wailesi pa jekete.

"Duwa langa lili kuti? Zaka zisanu ndi ziwiri ndikulinyengerera, lamasula dzana lomweli!"

"Ine ayi, achikulire! Zija ndimangocheza!"

"Ndakumva ndi makutu angawa. Bweretsa chiphaso chako cha sukulu."

Wailesi anazima. Kukoleji anali atachenjezedwa kale kawiri chifukwa cha phokoso, ndipo anamuuza kuti kalata yachitatu ndi tikiti yobwerera kwawo. Wailesi anatembenuza matumba ake onse. Munatuluka chipeso, makiyi ndi switi imodzi. Mkuluyo anayang'ana chikwama cha mtsikanayo, mtsikanayo n'kusuntha pang'ono ngati sakumudziwa Wailesi.

"Walibisa," anatero mkuluyo, atayamba kale kudina manambala pafoni. "Timaluwa tofiira, tating'ono, tokongola zedi. M'dziko lino mulibe lina."

Chete anatsokomola. Aka kanali koyamba kutsegula pakamwa chilowereni.

"Achikulire, msiyeni. Palibe waba duwa muno." Analoza bini ya zinyalala. "Ndangokupalirirani chimanga chanu chija. Munali kaufiti, yemweyu amene amatipsereza munda kwathu chaka ndi chaka."

Mkuluyo anasuzumira m'binimo n'kukhala pansi.

"Koma zaka zisanu ndi ziwiri, bambo?" Chete anapukusa mutu. "Mukanangonena. Mayi anga akanakupatsani ngolo yodzaza, n'kuwonjezerapo nkhuku yothokoza."