Pangano la Maola Khumi

A Overtone Chikadza anali ndi vuto la matani mazana atatu, ndipo ankhoswe anali atatsala pang'ono kufika.

Sitima yawo yankhondo inali itanenepa. Inali sitima ya papepala chabe, yojambulidwa ndi pensulo m'kachipinda ka pamwamba m'nyumba ya lendi ku Rotherham, tauni ya kudziko la azungu, koma eni ake ankaisamala ngati khanda. Nkhani yake ndi iyi. Ajeremani atagonja pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, opambana anawalamula kuti asadzapange sitima yankhondo yolemera kupitirira matani 10,000. Tsono pa intaneti pali gulu la azibambo osowa chochita amene amapikisana kujambula sitima zimene Ajeremaniwo akanatha kupanga osaphwanya panganolo. Ukakulitsa mizinga, uchepetse chitsulo cha m'mbali. Ukafuna liwiro, ukulitse injini, uchotse mzinga umodzi. A Overtone, mwana wa ku Dowa amene sanakwereko ndi bwato lomwe, ndiwo anali kadaulo wa gululo.

Koma nawonso anali ndi pangano lawo. Miyezi itatu m'mbuyomo mkazi wawo Tinenenji, namwino wa m'chipatala, zinamukwana. Ankachoka ku ntchito ya maola khumi ndi awiri miyendo itatupa, n'kupeza mbale zili m'sinki, bambo ali kalikiliki kuteteza dziko la Jeremani. Tinenenji anaitana ankhoswe: a Lazarus, mkulu wa mpingo amene ankaimira kuchimuna poti amalume enieni ali kutali, ndi Mayi Clara a kuchikazi. Chigamulo chinali chachidule. Sitima maola khumi pa sabata, nthawi yotsalayo bambo asake ntchito ndi kukumbukira kuti anakwatira. Akaphwanya, banja lithera pomwepo. Loweruka limeneli linali tsiku lodzaona ngati mawu asungidwa.

A Overtone analibe nazo mantha, chifukwa anaphunzira kwa eni ake a ukathyali. Ajeremani aja ankalemba matani 10,000 papepala, pamadzi n'kuyandamitsa chimphona cholemera kuposa pamenepo. Iwonso anangotsata mapazi. Maola ogwira pensulo okha ndiwo ankawerenga. Kuwerengetsera kulemera kwa chitsulo ankati ndi masamu, ndipo masamu ankhoswe sanaletse. Kukangana tsiku lonse ndi mzungu wina wa ku Manchester za kukula kwa mizinga ankati n'kunola Chingerezi cha pa intavyu. Motero sabata iliyonse inkatuluka maola khumi ndendende. Umboni wake anaulemba wonse Lachinayi, pa pepala limene anangolitola pa tebulo la kukhitchini n'kulitembenuza, akusinthasintha zolembera kuti zioneke ngati za masiku osiyana.

Ndipo njombayo inaoneka kuti yagwira. Poyamba Tinenenji ankagogoda pa kachipindako, kudandaula, tsiku lina mpaka kulira. Kenako anasiya. Masiku ano nyumba inali zii, mtendere wokhawokha. A Overtone ankagona pa kamatiresi pafupi ndi sitima yawo, ati kuti asamasokoneze munthu wa mashifiti. Njala ikawapweteka ankatsika, kutulutsa kontena ya ndiwo mwa zimene mkaziyo anasanja mufiriji, kutenthetsa, n'kukwera nayo. Mumtima ankadzitama kuti mkazi ali ngati mayiko opambana aja: amakalipa chaka choyamba, kenako amatopa n'kuyang'ana kumbali.

Matani mazana atatu aja anathana nawo mosavuta. Anafufuta khitchini ya m'sitimamo, nachepetsa zipinda zogona amalinyero. Anthu a papepala sadandaula. Sitima inabwerera pa 10,000 belu la pakhomo likulira.

Anatsika akumanga mabatani a shati, pepala lili m'manja, nkhope ikuwala ngati ya mwana wa sukulu amene waonera mayeso osagwidwa. Analonjera alendo ndi manja awiri, nafunsa za kumpingo, za ana, za nyengo yozizira.

"Mayi akunyumba ali ku shifiti," anatero a Overtone, "koma tisadikire. Mafigazi onse ndili nawo pano."

Mayi Clara anayang'ana a Lazarus. A Lazarus anayang'ana pansi.

"Mwalankhulana nawo liti komaliza?" anafunsa Mayi Clara.

"Aa, amayi, ife tsopano timamvana popanda kulankhula. Ndiye banja lokhwima limenelo."

Anapereka pepala lija monyadira. A Lazarus anavala magalasi, nayenda ndi chala pa mzere uliwonse. Khumi, khumi, khumi. Atalikweza kuti aone bwino, kuwala kwa pawindo kunaonetsa inki ina kuseri kwake. Analitembenuza, nawerenga chamumtima, kenako anavula magalasi aja.

"Achimwene, mbali inayi munaiwerenga?"

"Imeneyo isiyeni, ndi mndandanda wa zokagula kushopu. Za mayi zimenezo."

A Lazarus anapatsira pepalalo Mayi Clara, amene anawerenga mokweza, mosathamanga.

"A Overtone, ndapeza ntchito ku Leeds ndipo ndasamuka lero. Ndiwo ndakusiyirani mufiriji. Mukazindikira kuti m'nyumba muno mulibe munthu sabata isanathe, mundiimbire foni, ndibwerera."

Deti la pamwamba pa kalatayo linali la masabata atatu apitawo.