Si Manthongo

"Nachi chimene chimakuvutanicho," anatero mkazi wa mmisiri wowotcherera zitsulo, atatukula nsonga ya chala. "Ndachitulutsa muli m'tulo."

Mmisiriyo anadzambatuka pampando. Ndi diso lamanzere, labwinolo, anaona kanthu kofewa, koyera mbee ngati dontho la madzi, kakunjenjemera pachalapo. Lamanja linali litayamba kale kubaya ngati mwalowa mchenga.

Dzulo lake dokotala atachotsa kachitsulo kamene kanamuthethekera m'diso, anamata pabalapo ndi kanthu kameneka. Anati kazitulutsa mankhwala pang'onopang'ono kwa sabata yathunthu, ndipo kakachoka msanga bala litseguka, diso likhoza kuchita khungu.

"Mayi a mwana, mwatani?"

"Manthongo ake, chibadwire sindinawaone! Ndinayamba ndi thaulo koma amakana, ndiye ndangowatsina ndi zikhadabo." Anaseka. "Mapilitsi a kuchipatala aja anakugonetsani ngati chipika."

"Si manthongo amenewo. Ndi mankhwala, anaika ndi adokotala."

Mkaziyo analeka kuseka.

"Koma ndinakufunsani, bambo a mwana. Munati angokupukutani basi."

Ananenadi choncho, poopa kufunsidwa za magalasi otetezera maso amene mkaziyo amamukumbutsa m'mawa uliwonse. Magalasiwo anali pomwepo pawindo, atachita fumbi.

Mkaziyo anatchera dzanja lina pansi pa chalacho kuti kanthuko kasagwe. Kanali katayamba kale kuuma ndi kupindika m'mbali.

"Tsegulani diso," ananong'ona. "Mwina kalola kubwerera."