Tasso Sabwera Chimanjamanja

Odile anawombera m'mwamba. Phulusa la mtembo wa bambo ake, limene analithira m'chipolopolo monga eni akewo anafunira, linamwazika pamwamba pa dambo lomwe ankasakako abakha.

Mfuti ya bambo akewo itangolira, Tasso, galu wokalamba wa malemuwo, analumpha kuchoka m'bwato n'kuti chubwi m'madzi ozizira, kukafuna chimene chagwa.

"Tasso! Bwera kuno!" anakuwa Odile.

Galuyo sanacheuke n'komwe. Ankangosambira mozungulira, mphuno m'mwamba, miyendo yake yanyamakazi ikulemera.

"Achimwene, palasani! Mwangoti kakasi bwanji?"

"Bwato lakakamira m'matope, sukuona?" anakalipa mchimwene wake Clovis, akukankha ndi nkhafi. "Muimbire likhweru la bambo lija. Samva china ameneyo."

Odile anaika zala m'kamwa. Milomo inali itauma ndi chisanu, ndipo munangotuluka mpweya ndi malovu. Anayesanso, misozi ili chuchuchu.

Kamutu kakuda ka Tasso kanayandikira bango, kakumira n'kuvuuka.

"Kulibe bakha, Tasso! Kulibe!"

Clovis anaponya nkhafi pansi n'kuyamba kuvula jekete.

"Ukutaya mawu, mlongo wanga. Bambo anamuphunzitsa kuti mfuti yawo ikalira, asabwerere kukamwa kulibe kanthu."