Nyumba ya Kutsidya

Madzi anali atafika kale m'mawondo, koma Anti Matilda ankangopitabe patsogolo ngati akuyenda pa tala.

Stella ankabwera pambuyo pawo atagwira ndodo yoyezera madzi, akudandaula chamumtima. Linali tsiku lotsatira Khirisimasi. Anzake onse kuno ku Salford, ku Ulaya, anali m'mabulangete, iye ali m'dambo, majombo atadzaza madzi ozizira ngati a m'firiji. Mtsinje wa Irwell unali utasefukira moti tinjira tonse ta m'dambomo tinamira, mabenchi akungooneka misana.

Awiriwa anali m'gulu la anthu odzipereka olondera dambolo. Ntchito yopanda malipiro: kuwerenga mbalame, kutseka njira zoopsa, kuyeza madzi n'kuimbira foni akuluakulu. Stella analowamo atamaliza yunivesite, kuti pofunsira ntchito aziti pali chimene ankachita. Koma Anti Matilda, namwino amene anabwera kuchokera ku Liverpool ali yekhayekha, abale, chimene analowera chinkadziwika ndi mpingo wonse.

Kumapeto kwa dambolo kunali kanyumba kamatabwa koonera mbalame. Anti Matilda akaweruka shifiti, osagona, osadya, ankathamangira m'kanyumbako ndi magalasi awo oonera patali. Ndiye mudziwe, abakha amakhala kumanzere. Iwo magalasi ankalozetsa kumanja, kutsidya kwa mtsinje, pa nyumba ina ya khomo lobiriwira. Stella anawapezerera yekha ndi maso ake, ndipo nkhani anakaitula kwa Mayi Edwina a kwaya, amene mkamwa mwawo simugona kanthu.

M'nyumba imeneyo munkakhala mzungu wina wamtali wa ndevu, mkazi wake ndi ana atatu. M'mawa uliwonse bamboyo akatuluka kuperekeza ana kusukulu, Anti Matilda ankachita kusiya kupuma. Akalowa m'galimoto, iwo n'kuusa moyo. Tsiku lina Stella anawaona akumwetulira okha, misozi ili mbwembwembwe. Chikondi chotani chimenecho, mzimayi wamkulu, wopemphera, kumaumirira mwamuna wa eni pa magalasi! Kutchalitchi amayi ena anayamba kugwira amuna awo padzanja Anti Matilda akamadutsa. Mpando wa pafupi nawo unkakhala wopanda munthu.

Tsono lero mkulu wa gulu anali atanena poyera kuti kukanyumbako kusapite munthu. Anti Matilda anangovomera ndi mutu, n'kutembenukira komweko. Stella anawatsatira, mwina poopa kuti angamire, mwinanso, tinene zoona, pofuna nkhani yatsopano.

Anakafika madzi ali m'chiuno. Pansi pa kanyumbako panali patamira, zinyalala ndi nthambi zikugunda matabwa. Anti Matilda anakwera pa benchi, n'kuika magalasi m'maso.

Kutsidya kunali chipwirikiti. Msewu wonse unasanduka mtsinje. Galimoto la bambo uja linkangooneka denga, ndipo khomo lobiriwira lija linali litamira theka. Anthu opulumutsa anzawo anali atafika ndi bwato lofiira, akutulutsa anthu nyumba ndi nyumba. Ngakhale wopanda magalasi, Stella ankaona zonse: mkazi uja akutsika pa windo, ana atatu atavala majekete a zipewa akulandiridwa mmodzimmodzi, kenako mwini wake wa ndevu, chikwama chachikulu chili paphewa.

"Atuluka onse, Anti," anatero Stella. "Tiyeni tizipita, miyendo yanga yafa."

Anti Matilda ankatsatira bwatolo ndi magalasi pang'onopang'ono, milomo ikugwedera ngati akupemphera.

"Nyumba imeneyo sabwereramonso msanga," anatero potsiriza. "Madzi akalowa chonchi, anthu amawasamutsa. Ena sabwerera n'komwe."

Bwato lija linakhota kuseri kwa nyumba zina, osaonekanso. Apo Anti Matilda anatsitsa magalasi, n'kukhala pansi pa benchi yonyowayo, madzi akuwanyambita m'chiuno, n'kuyamba kulira. Sikunali kulira kwa mseri kwa kuno ku Ulaya ayi. Kunali kulira kwa kumudzi, kwa pamaliro, kogwira m'mimba, moti abakha amene anabisala m'bango anauluka.

Stella anachita manyazi m'malo mwawo. Chisoni chinamugwira ndithu, koma mkwiyo unaposa. Kumuika iye m'madzi oundana chifukwa cha zimenezi? Anaganiza kuti nthawi yakwana yoti wina awauze mayiwa zimene mpingo wonse unkanena kumbali.

"Anti, pepani, ine ndine mwana kwa inu, koma ndinena," anayamba, mano akugundana. "Musiyeni apite. Mwina Mulungu wachita dala kuti mumuiwale. Ndi mwamuna wa eni ameneyo, ali ndi mkazi wake. Anthu akukusekani, Anti. Onse akudziwa."

Anti Matilda anadzutsa mutu. Anamuyang'ana Stella nthawi yaitali, ngati akumva chilankhulo chachilendo.

"Mwamuna wake uti, mwanawe?"

"Wa ndevu uja. Amene mumamuonera pa magalasi."

Anapukuta mphuno ndi mkono wa jekete, n'kuyang'ananso kumene bwato linalowera.

"Bambo ameneyo ngakhale dzina lake sindilidziwa," anatero motsitsa. "Wamng'ono pa ana aja ndi Tiya wanga. A boma anandilanda nditamusiya yekha m'nyumba ndili ku shifiti, n'kumupereka ku banja limenelo, ndipo khoti linandiletsa kumuyandikira. Tandiuza, Stella, mawa ndikamuonera kuti?"